Za Pansi pa Simbi ndi za Pansi pa Thireyi

Malemu anabadwa pa 14 Malichi, 1961, ali achitatu m'banja la ana asanu. Woyamba ndine, mlongo wawo wamkulu, telala amene ambiri mumandidziwa. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi ati chifukwa sindilira pagulu komanso sindichedwa. Ndiyesetsa. Alembi amene mwakhala kumbuyoko, ndipo ena mwandifunsa kale pageti za magazini ya Okutobala, khazikani mitima pansi. Ndifikako.

Sukulu anayamba mu 1968. Anali mwana wofatsa, kupatula pa chinthu chimodzi: akaona mawu olembedwa molakwika, mtima wawo sunkakhala m'malo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anatenga khala n'kukakonza chikwangwani cha wometa wa pamsewu pathu. Wometayo anabwera kudzadandaula. Bambo athu anapita kukaona, n'kupeza kuti mwana wakhoza. Nkhani inathera pomwepo, kungoti malemu anayamba kukameta kwina.

Anamaliza sekondale mu 1980. Chaka chotsatira analembedwa ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku. Ntchito yawo inali kuwerenga mapepala asanalowe m'makina, kusaka zolakwika. Anakhala pampando umodzi, pafupi ndi zenera limodzi, zaka makumi atatu ndi zisanu. Cholembera chofiira sichinkachoka m'thumba la malaya. Matumba amene ndinawasokera atawonongeka ndi inki ndinasiya kuwawerenga.

Pa 8 Ogasiti, 1987, anamanga banja ndi alamu anga ali apawa, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa ana a kalasi yoyamba. Mulungu anawapatsa ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi wapakati.

Mu 2016 kampani ija inatsekedwa. Malemu anakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi akukonza nyuzipepala zotuluka kale ndi mapepala okutira sopo. Alamu anatopa nazo. Anawauza kuti apeze chochita, apo ayi mmodzi wa iwo asamuka. Mwana wamkazi uja, amene anaphunzira za makompyuta, ndi amene anawatsegulira tsamba pa intaneti. Mu Januwale 2017 inatuluka magazini yoyamba, ya nkhani zopeka zitatu ndi ndakatulo zisanu. Anaipatsa dzina la msewu wathu. Anaiwerenga anthu 41, ndipo theka tinali abale.

Kwa achikulire anzanga amene simukuidziwa, magazini imeneyi ilibe pepala, imawerengedwa pa foni. Inkatuluka kanayi pa chaka ndipo sinadumphepo. Ofesi yake inali chipinda chakuseri, mmene munkagona anyamata: tebulo limodzi, mpando umodzi, makina osindikizira amene ankafuna kumenyedwa pambali kuti ayambe.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere, ndipo mumvetsere chifukwa kabweranso kutsogoloku. Alembi ankatumiza zolemba zawo pa imelo. Mwana wamkazi ankazisindikiza papepala, n'kudula dzina la mlembi ndi sizasi, n'kulemba nambala pa pepala ndi pa kadzinako. Timayinato tinkalowa m'chitini cha mabisiketi chimene malemu sankachitsegula. Ankati akadziwa mwini wake amayamba chisoni kapena mantha, ndipo zonse ziwiri zimawononga makutu. Akatero ankatseka chitseko n'kuwerenga mokweza, cholembera chofiira chili m'manja. Zimene alola ankaziika kumanja, n'kutsindira ndi simbi yamakala ya mayi athu. Zimene akana ankaziika kumanzere, pansi pa thireyi yachitsulo. Pa pepalapo sankalembapo kuti eya kapena ayi. Zofiira zinali mbwee konsekonse, zololedwa ndi zokanidwa chimodzimodzi.

Aliyense wokanidwa ankalandira kalata ya zifukwa. Ena muli nazo zingapo. Pali bambo wina amene anakanidwa kakhumi ndi kamodzi, n'kuloledwa ulendo wachikhumi ndi chiwiri. Ndawaona m'mawawu akuyala mipando, ndiye kuti chakukhosi analibe.

Alamu anga magaziniyi sankaiyamikira pagulu. Chakudya chinkazizira patebulo, tiyi n'kuchita kufunditsa kawiri. Mlendo akafunsa ngati bambo alipo, ankayankha kuti, "Alipo, akulankhula ndi khoma. Mukafuna akumveni, lembani pa pepala, tidule dzina."

Mu 2022 malemu anapezeka ndi matenda a impso. Anapirira nawo zaka ziwiri akugwirabe ntchito. Lolemba pa 2 Sepitembala chaka chino anagonekedwa m'chipatala.

Apa ndinene cholakwa changa, chifukwa ndi gawo la mbiriyi. Tsiku limenelo ndinabwera kudzalongedza zoti tipititse kuchipatala. Magetsi anali atazima, malaya ali makwinya okhaokha. Ndinalowa m'chipinda chija n'kutenga simbi, poti ntchito ya simbi ndi kusita. Ndinatenganso thireyi kuti tinyamulirepo makapu. Mapepala ndinaona kuti auluka, ndiye ndinawasonkhanitsa pamodzi, aatali pansi aafupi pamwamba, n'kumanga bwinobwino ndi kansalu. Analipo 31, zolemba zonse za magazini ya Okutobala, zimene malemu anaweruza miyezi iwiri.

Mawa lake anandiitana pafupi ndi bedi. "Achemwali, mumuuze mwana wamkaziyo kuti za pansi pa simbi azilowetse. Za pansi pa thireyi adikire, makalata ndilemba ndikatuluka." Ndinayankha kuti chabwino. Ndinakhala nazo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaulula. Atamva anati, "Zaka 63, achemwali, mukundikonzerabe zinthu zosawonongeka." Ndinawafunsa ngati sangakumbuke. Anati zina akukumbuka, koma sangakane mwana wa munthu ndi mutu wa mankhwala. "Bweretsani mtolo wonse. Maso anga sakuona bwino. Muziwerenga ndinu, poti mwaziyamba ndinu."

Kuyambira pa 5 Sepitembala, nthawi yoona odwala masana, ndinkakhala pa benchi n'kuwerenga ziwiri patsiku. Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo ndakatulo ndinkaziona ngati za anthu osowa chochita. Malemu ankandiimitsa: "Musathamange, si malonda." Bambo wina woyendetsa lole, amene anagona bedi loyandikana atathyoka mwendo, analowerera osaitanidwa. Nkhani ina ili pakati anakuwa kuti, "Ameneyu akunama, mayi! Lole yodzaza siima choncho pamtsetse." Malemu anati bamboyo akunena zoona, ndipo nkhaniyo inapita ku thireyi. Mwini wake mudzapeza mawu amenewo m'kalata yanu. Anesi poyamba ankatiuza kuti titsitse mawu. Pofika sabata yachiwiri ankafunsa kuti mtsikana wa m'nkhani ya dzulo uja anathera kuti. Chigamulo chilichonse, ndi mawu a malemu, ndinkalemba kuseri kwa pepala.

Alamu ankakhala tsidya lina la bedi, akusenda malalanje. Loweruka pa 14 ndinatenga pepala nambala 17, ndakatulo ya mayi amene amapakulira mwamuna wake chakudya n'kumamumva akulankhula ndi anthu ena kuseri kwa chitseko. Nditangoyamba, alamu ananyamuka ati akatsuke kapu. Malemu anamvetsera ali chitsinzinire, n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako anati, "Simbi. Koma mizere inayi yomalizayo aichotse. Akumukhululukira msanga bamboyo."

Limenelo linali pepala lomaliza kuliweruza. Anatisiya Lamlungu pa 15 Sepitembala, 2024, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ali ndi zaka 63.

Tsopano alembi, yankho lanu nali. Mwa zolemba 31, malemu anamaliza 19. Asanu ndi atatu mwalowa, khumi ndi mmodzi mulandira makalata okhala ndi mawu awo enieni. Zatsala khumi ndi ziwiri. Zimenezo anandisiyira ine, ati makutu ndili nawo ngakhale ndilibe ulemu. Ndiziwerenga mokweza m'chipinda chomwecho sabata yamawa, mayina ali m'chitini. Amene mudzakanidwe mwa khumi ndi awiriwo, wakukanani ndine, osati malemu. Shopu yanga mukuidziwa. Magazini ya nambala 32 ituluka pa 1 Okutobala monga mwa nthawi zonse. Za kutsogolo kwake tidzakamba ikatuluka.

Dzulo masana tinatsegula chitini kuti tipeze eni ake a mapepala 19 aja. Nambala 17 ndi ya alamu anga. Mwana wawo wamkazi yekha ndi amene ankadziwa, ndipo anasunga pakamwa miyezi itatu. Alamu andilola kuti ndinene zimenezi. Chiyambire pamene ndinasakaniza mapepala, ankaopa kuti sadzadziwa mbali imene amuna awo anaika ndakatuloyo, ndipo nthawi yoiwerenga itakwana miyendo inawatulutsa panja. Ndinawaonetsa zimene ndinalemba kuseri. Anawerenga kawiri. Ndinawafunsa ngati tichotse mizere inayi ija, poti mkonzi walamula. Anandibwezera pepala n'kunena kuti, "Imeneyo siichoka. Ndinalemba ndine." Ndiye ituluka yonse. Kaya malemu anazindikira mwini wake, kaya sanazindikire, ine sindikudziwa, ndipo musandifunse.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo atatu, poti mng'ono wawo anatsogola kale.

Banja likuthokoza madokotala ndi anesi amene anawasamalira, anansi amene mwatisunga masiku onsewa, anzawo akale a kuntchito, ndi alembi amene mwabwera, ena kuchokera kutali, kudzaperekeza munthu amene nkhope yake simunaionepo. Tikuthokozanso bambo a lole aja, amene akadali m'chipatala ndipo atumiza uthenga wofunsa kuti zotsalazo tidzawawerengera liti.

Achimwene, simbi ndaibweza pamalo pake, kumanja, ndipo sindidzaigwiranso. Mzimu wanu uuse mumtendere.