Woyenda Pansi mu Area 47

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo nonse, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundilole ndiuchite chiimire. Mpando mwandiikirawu ndauona, zikomo, koma kukhala ndakhala mokwanira. Mundipirire, lilime limachedwabe.

Ambiri mumandidziwa ngati munthu wa nyuzipepala. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkatola ndi kukonza nkhani, ndiye ndinena zimene zinachitika basi, osawonjezera mchere. Lachiwiri lina m'mawa, ndili mu ofesi ku City Centre, cholembera chinagwa m'manja. Ndinawerama kuti nditole, osadzukanso. Inali sitiroko. Ndinagona m'chipatala masabata asanu. Ndinatuluka nditaonda, pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zili lende.

Kumafizo, kumene amatiphunzitsa kulimbitsa ziwalo, ndinakumana ndi mayi wina wosaseka. Anandiuza kuti dzanja sakulonjeza, koma mwendo ungabwerere ngati ndiziyenda tsiku lililonse, ndikuwonjezera pang'onopang'ono. Anati ndikasiya uuma, ndipo ukauma basi, ndi njinga ya olumala mpaka kalekale.

Ndinayamba. Chipewa kumutu, jekete lakale, ndodo kumanzere. Ndinkawerenga mapolo a magetsi: tsiku loyamba awiri, sabata yachitatu asanu ndi anayi.

Koma abale, mukudziwa amene amayenda pansi kwathu ku Area 47. Ndi alonda, osamalira maluwa, amayi ogwira ntchito m'nyumba. Eni nyumba timatuluka pageti tili kale m'galimoto, magalasi otseka. Tsiku lina galimoto inaima pambali panga. Anali mayi a nyumba yachitatu kuchokera kwathu, munthu amene wadyapo patebulo langa kangapo. Musatembenuke kuwafuna, sapemphera kuno. Anatsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti, "Madala, ngati mukufuna ganyu mubwere mawa, kuli udzu kunja kwa mpanda."

Ndinafuna kutchula dzina langa. Lilime linakana. Anadikira pang'ono, anakweza galasi, n'kumapita.

Ndinabwerera kunyumba, ndipo sindinatulukenso pageti kwa masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Mtima sunkakhazikika. Ndikakhala pakhonde ndinkafuna kuchipinda, ndikafika kuchipinda ndinkafuna pakhonde. Nyuzipepala ndinkaitsegula, n'kuona dzina la munthu wina pamene pankakhala langa, n'kuitaya. Ndinkadzifunsa kuti ngati sindinenso mkonzi, sindinenso woyendetsa galimoto, ngakhale nkhope si yanga, ndiye anatuluka m'chipatala uja ndi ndani? Akazi anga anachonderera, anakalipa, kenako anangondisiya. Ine ndinkanama kuti ndikuyenda mkati mwa mpanda. Bondo linayamba kulimba. Ndinkalimva m'mawa uliwonse, likulimba, likulimba, koma manyazi ankaposa mantha.

Mulungu sananditumizire mngelo. Ananditumizira a Chimwala, mlonda wathu, bambo wachikulire wa ku Mtandire amene wakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa wina ataweruka, m'malo mopita anaima pakhonde chikwama chili paphewa. Anandifunsa chimene chinandibweza kumsewu. Ndinawauza, movutika. Anaseka, abale, anaseka mpaka kugwira chipilala.

"Bwana, inuyo munayang'anapo nkhope ya munthu woyenda pansi? Ine mwandidutsa kangati pamsewu uja, ndikukweza mkono?"

Ine wonyadira kuti maso anga saphonya kanthu, sindinkakumbuka ngakhale tsiku limodzi.

Anandipatsa ndodo n'kutsegula geti. Inali sikisi koloko, nthawi imene alonda a m'dera lathu amaweruka. Anali ngati asanu ndi awiri, ena akukankha njinga. Ndinaweramitsa chipewa. Koma wina wamtali, amene sindinamuonepo chibadwire, anandipatsa moni ponditchula dzina, n'kufunsa chifukwa chake ndinasowa. Ankadziwa tsiku limene ndinabwera kuchokera kuchipatala. Ankadziwa polo imene ndinalekezera. Anati anzake ankanena kuti bwanayu wagonja, iye n'kumatsutsa, ndiye ndisamuchititse manyazi.

Tsiku limenelo ndinangokwanitsa mapolo anayi, bondo likuwawa ngati muli misomali. Anachepetsa liwiro onsewo, anthu amene sanagone, oti akuyenera kuyenda mtunda wautali. Mawa lake anagogoda okha pageti. Amandinyoza ndithu. Amati ndimayenda ngati bakha wa bwana, amati ndikachira andipezera malo a ulonda chifukwa tulo ndilibe kale. Ine ndimawabwezera mawu likalola lilime, ndipo ndaona kuti limamasuka msanga pokangana kusiyana ndi kumafizo.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zatha. Dzanja ili silinagwirebe cholembera. Kuntchito sindibwerera. Funso lija, loti ndine ndani tsopano, likadalipo, ndipo masiku ena limandizunguza mpaka akazi anga amandithamangitsira kumsewu. Mayi a galimoto aja sindinalankhule nawobe. Mundipempherere, chifukwa ndikawaona mtima umadumphabe.

Koma mwendo sunaume. Mwezi watha mayi wosaseka uja anaupinda, anauwongola, n'kunena kuti njinga ija tiiwale.

Lero ndinanyamuka kunyumba seveni koloko, wapansi. Ndafika pano itadutsa eyiti ndi mphindi khumi, n'chifukwa chake munandiona ndikulowa nyimbo yachiwiri ili pakati. Galimoto zinayi za mumpingo muno zinandidutsa panjira. Sinditchula eni ake, ngakhale manambala ndawasunga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mwendo. Ndikuthokoza akazi anga, ndi a Chimwala, ndi anzanga a sikisi koloko. Tikatuluka, chonde, pasapezeke wondipatsa lifiti. Ofuna kundithandiza asiye galimoto, tiyendere limodzi mpaka pamphambano. Amayi, yambitsani nyimbo, ndipo amene muli ndi miyendo iwiri yabwino imirirani musangalale nane, ine ndaima kale. Amen.