Mpanda wa Ada Mhone

Malemu, a Howard Mackson Mhone, amene ambiri kuno tinkangowatchula kuti Ada Mhone, anabadwa pa 17 Ogasiti 1955 konkuno ku Bandawe. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la a Jeremiah Mhone, amene anali msodzi, ndi mayi Nyamanda, amene ankalima chinangwa kumtunda kwa msewu. Abusa, mafumu, akuluakulu a mpingo, ndi inu nonse amene mwabwera kudzalira nafe, banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi yonse, zokoma ndi zowawa zomwe, chifukwa eni ake sankakonda kukometsa nkhani.

Anayamba sukulu ya pulayimale ku Bandawe m'chaka cha 1962. Achimwene awo onse anatsata bambo awo kunyanja, koma iwowa bwato silinawayanje. Akangokwera ankachita chizungulire mpaka kusanza, ndipo anzawo ankawaseka kuti ndi Mtonga wa mtundu wanji woopa mafunde. Chimene ankakonda ndi mitengo. Atamaliza sekondale m'chaka cha 1974 anapita ku Dedza kukaphunzira za nkhalango, ndipo kuyambira 1977 anagwira ntchito ku Chikangawa, kuyang'anira nazale ya mbande za paini.

M'chaka cha 1980 anamanga banja ndi mayi Stella Chirwa a ku Kande, amene timawatchula kuti Nyachirwa, omwe anali mphunzitsi. Ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi chathu chino. Mulungu anawapatsa ana atatu: Temwa, Dingani ndi Wanangwa.

M'chaka cha 1983 anasamukira kumzinda, kumene khonsolo inawalemba ntchito ku nthambi yoyang'anira mapaki. Kuno kwathu ambiri sitinamvetse ntchitoyi. Tinkayesa kuti amathirira maluwa, mpaka ena anawapatsa dzina loti a Maluwa. Koma ntchito yawo inali ina. Akamayeza mapuloti a dera latsopano, iwo ndiwo ankalimbikira kuti pasiyidwe malo opanda nyumba. Kenaka ankaganizira poika mpopi, pomanga chimbudzi, podutsa njira, pokhala bwalo la mpira, mitengo yoyenera dothi la pamalopo, ndiponso amene azidzachotsa zinyalala. Pamisonkhano ankakangana ndi anzawo ofuna kuti malo alionse akhale puloti. Ankawauza kuti munthu wolemera ali ndi bwalo lake kunyumba, koma munthu wa lendi, wogona chipinda chimodzi ndi ana asanu, bwalo lake ndi paki.

M'chaka cha 1987 anawapatsa dambo lina lonunkha, limene anthu ankatayako zinyalala, pakati pa madera awiri othithikana. Malemu analigwira ndi mtima wonse. Anakumbitsa ngalande, anathira dothi, anabzala kapinga ndi mizere ya mibawa, naika mabenchi, akatungwe a ana, mipopi ndi zimbudzi. Pofika 1990 anthu anali atalitcha okha dzina loti Pamibawa. Lamulungu masana pankadzaza. Makwaya ankaphunzirirapo nyimbo, ana a sukulu ankawerengerapo za mayeso, abambo ankasewera bawo, ndipo amayi ankagulitsa usipa wokazinga ndi chinangwa chophika. Akaweruka kutchalitchi, malemu ankapita komweko osavula jekete, n'kukhala pabenchi kumangoyang'ana. Akaona pamene anthu apondaponda kapinga mpaka kuuma, sankakalipa. Lolemba ankatuma antchito kuti akonze njira pomwepo, amvekere mapazi a anthu amadziwa bwino kuposa pensulo yawo. Mayi Nyachirwa akuti zaka zimenezo ndi zimene amuna awo anali okondwa koposa m'moyo wawo wonse.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 zinthu zinavuta m'dziko, ndipo pakiyo inayamba kubedwa. Matcheni a akatungwe anapita, mapaipi anazulidwa, matabwa a mabenchi anasanduka nkhuni, zitseko za zimbudzi nazo zinasowa. Malemu ankabwezeretsa, akuba n'kubweranso. Tsiku lina m'mawa anapeza mzere wonse wa mibawa, imene anaibzala ndi manja awo, itadulidwa, patsala zitsa zokhazokha. Anabwerera kunyumba, chakudya sanachikhudze.

Ndipo apa ndi pamene anachita chinthu chimene chinawavutitsa mumtima mpaka imfa. Iwo eni, popanda wowakakamiza, anapempha akuluakulu awo kuti pakiyo itchingidwe ndi mpanda wa waya, pakhale chipata chimodzi, wolowa azilipira, ndipo ogulitsa malonda onse atuluke. Amayi ogulitsa aja anabwera ku ofesi kwawo kudzadandaula kuti akuba si iwo, ndipo kuti ngati nkhani ndi kulondera, iwo angathe kusankhana okha n'kumalondera. Malemu anali akadali ndi mkwiyo wa mitengo ija. Anawayankha mwaulemu, koma sanasinthe maganizo. Mpanda unatha m'chaka cha 1998, ndipo tsiku lotsegula chipata iwo anaima pomwepo kuonetsetsa kuti aliyense akulipira.

Kuba kunathadi. Kapinga anabiriwira, mibawa yatsopano inakula, alendo ochokera kumizinda ina ankabwera kudzaonera, ndipo m'chaka cha 2001 malemu anakwezedwa kukhala mkulu wa nthambi yonse. Koma Pamibawa panali zii. Makwaya anasamukira kwina, a bawo anapita kukhonde la golosale, ana ankasewera mumsewu. Olowa anali a maukwati odzajambulitsa zithunzi Loweruka, akatha n'kukwera magalimoto awo. Malemu ankaziona zimenezi, koma ankadzilimbitsa mtima kuti bola mitengo ili moyo.

M'chaka cha 2012 kunamveka kuti theka la pakiyo laperekedwa kwa anthu ena kuti amangepo mashopu. Malemu anakana ku ofesi, koma mawu awo okha sanakwane. Anayenda wapansi m'madera awiri aja, khomo ndi khomo, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, kupempha anthu kuti abwere kumsonkhano adzakane. Anthu anawalandira bwino, koma yankho linali limodzi: kuti paki imeneyo si yawo, ndi ya a Mhone ndi akwati awo. Ana amene anakula mpanda ulipo sankadziwa n'komwe kuti m'kati mwake mumaoneka bwanji. Kumsonkhano kuja mabenchi ambiri anali opanda anthu. Mathirakitala atafika, malemu anaima chapatali n'kumaonerera. Pambuyo pake anauza mwana wawo wamkazi, Temwa, kuti mpanda uja unathamangitsa akuba, koma unathamangitsanso onse amene akanaimira pakiyo kumbuyo. Anamuuzanso kuti tsiku la maliro awo asadzangotchula maudindo okha, adzatchulenso za mpandawo. N'chifukwa chake mwazimva lero.

Anapuma pa ntchito m'chaka cha 2015, nabwerera kuno kumudzi. Mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo anatumikira mokhulupirika.

Chaka chotsatira, akugula nsomba pamsika wa Chintheche, wamalonda wina wochokera kumzinda kuja, a Zakaria, anawayang'anitsitsa n'kuwafunsa ngati sanali a Mhone a Pamibawa. Atavomera, a Zakaria anati: "Ine ndine mmodzi wa ana aja tinkaonera katungwe pa waya. Mayi anga ndi a Mwanahawa, ankagulitsa usipa pafupi ndi mpopi." Sananene mokwiya, anangonena ngati munthu wokumbutsa mnzake zakale, n'kuwaikira nsomba zina zapamwamba. Malemu anawakumbukira mayiwo, chifukwa ndiwo ankalankhulira anzawo tsiku lija ku ofesi. Anafunsa kumene akukhala kuti akawaone akapepese. A Zakaria anayankha kuti mayi awo anamwalira kalekale, ndipo kuti zaka zawo zomaliza ankagulitsira m'mphepete mwa msewu, pafumbi. Mayi Nyachirwa akuti tsiku limenelo amuna awo anafika kunyumba ndi nsomba m'manja, n'kuima pakhomo ngati aiwala kuti chitseko chimatsegulidwa bwanji.

Kuyambira pamenepo anayamba kuona ndi maso ena zimene tonse timaziona kuno: kuti kuchokera ku Chintheche mpaka ku Kande gombe likunka litchingidwa, ndipo njira zimene amayi ankatsikira kukachapa, ndi asodzi kukakweza mabwato, zikutsekeka imodziimodzi. Banja la Mhone lili ndi malo m'mbali mwa nyanja, pamene a Jeremiah ankayanikapo maukonde. M'chaka cha 2018 kunabwera munthu wofuna kuwagula kuti amangepo loji yogona alendo. Malemu anakana.

Mwana wawo wamwamuna, Dingani, amene panthawiyo anali atakhala ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito zolemetsa, anamva nkhaniyi ndipo inamupweteka. Iye ankaona kuti malowo akagulitsidwa angathe kubwerera kwawo, kuyamba bizinesi, n'kumakhala pafupi ndi makolo ake. Anakangana pa foni. Dingani anauza bambo ake kuti moyo wawo wonse anakonda mitengo ndi ana a anthu ena kuposa ana awo, ndipo kuti iye sakumbukira Lamulungu ndi limodzi lomwe limene anadya nawo chakudya chamasana. Malemu anadula foni. Patapita masiku anauza mayi Nyachirwa kuti mwanayo sananame konse, koma mawu amenewa sanawafikitse kwa mwini wake. Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe, ndipo zaka zinadutsa. Ndimeyi ndinafuna kuichotsa, koma Dingani yemwe wandipempha m'mawa uno kuti ndiiwerenge mmene ilili.

Malo aja malemu anawasandutsa paki yawo yomaliza. Anajambula pulani pa tebulo lodyera. Anasiya njira yotakata ya amayi otsikira kumadzi, anapatula mbali ya asodzi yoyanikirapo usipa, anaumba mabenchi a simenti, anabzala mbande za mibawa ndi mikuyu, ndipo anauza wowotcherera zitsulo wa pa Chintheche kuti awakonzere akatungwe. Zonsezi ankachita ndi penshoni yawo, pang'onopang'ono. Mbuzi zinadya mbande, iwo anabzalanso. Wina anaba tcheni cha katungwe, ndipo anzawo a ku Madodana, amuna a mumpingo, anawalangiza kuti atchinge ndi waya ngakhale waufupi chabe. Yankho lawo ambiri a inu munalimva ndi makutu anu: "Akaba tigula china. Koma waya ayi, ndinayesapo kale." M'chaka cha 2024 nyanja itakwera, madzi anagumula mabenchi a kumunsi ndi kupha mitengo ingapo. Apo ndi pamene tinawaona atafooka koyamba, koma madzi atangobwerera anayambanso kuumba njerwa za chimbudzi.

Malemu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kuyambira 2019, ndipo mankhwala ankamwa akakumbutsidwa. M'mwezi wa Malichi chaka chino cha 2025, ali pamalo paja m'mawa kuyang'anira omanga, anagwa mwadzidzidzi. Amayi amene ankachapa ndiwo anawanyamula mpaka kumsewu. Anawatengera kuchipatala cha Chintheche, kenaka ku Nkhata Bay, ndipo pomaliza ku Mzuzu, kumene madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, lilime nalo linalemera moti mawu sankamveka. Atatulutsidwa, mayi Nyachirwa ndi Temwa anawasamalira kunyumba.

Dingani atamva anaimba foni. Temwa anaigwirizira pakhutu la bambo ake. Mwanayo analankhula nthawi yaitali, anapepesa, n'kulonjeza kuti akubwera akangokonza mapepala ake a ulendo. Malemu ankamva zonse. Milomo inkagwedera, misozi ikutsika, koma mawu amene anawasunga zaka zonse zija anakanika kutuluka. Mapepala anachedwa. Dingani ananyamuka kumapeto kwa Juni, ndipo uthenga unamupeza ali m'basi, atangodutsa Tete. Malemu anatisiya pa 2 Julaye 2025, kunyumba kwawo, akazi awo ali pambali.

Paki ya kunyanja ija sinathe. Chimbudzi chilibe denga, mabenchi a kumunsi akadali ogumuka, ndipo mitengo yambiri sinafike popereka mthunzi. Za tsogolo la malowo banja silinakhale pansi, ndipo ine sanandipatse mphamvu yolonjeza kanthu pamaso panu. Chimene ndinganene n'chakuti dzulo, ife tili pano kulira, ana anali kumeneko akulimbirana katungwe mmodzi amene watsala, ndipo palibe amene anawafunsa kuti alowera pati.

Malemu asiya akazi awo, mayi Stella Nyachirwa. Ana atatu, Temwa, Dingani ndi Wanangwa. Zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Ndi mlongo wawo mmodzi, amene watsala yekha m'nyumba ya a Jeremiah.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Chintheche, Nkhata Bay ndi Mzuzu. Likuthokoza abusa ndi mpingo wa Bandawe, amayi a Umanyano amene sanachoke pakhomo pano, a Madodana, mafumu athu, ndi achinyamata amene akumba manda. Likuthokoza abale athu achisilamu a pamsika amene atseka malonda awo kuti akhale nafe, asodzi amene atumiza ndiwo, anzawo a malemu amene ayenda ulendo wautali kuchokera kumzinda, ndi amayi aja amene anasiya zochapa zawo pamadzi n'kuwanyamula, amene ena mwa iwo maina awo sitikuwadziwa. M'chilankhulo chathu tikuti, tawonga ukongwa.

Ada Mhone, zimene munalephera kunena tazinena ife lero, ndipo mwana wanu wazimva. Mulungu amene anakupatsani kwa ife akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.