Maliro a Myuda wa ku Woodlands

Pamzere wogula ufa ku Kabwata, m'chaka cha 1986, amayi awiri osadziwana anayamba kucheza.

"Maso kufiira chonchi, mayi, kwagwanji?"

"Dzulo tinaika abwana anga, ba Levin, Myuda wa ku Woodlands. Ndawaphikira zaka makumi awiri."

"Pepani. Abale anabwera?"

"Ana onse ali kunja. Ayuda anzawo anabwera anayi okha, nkhalamba zokhazokha. Bokosi sakanatha kulinyamula."

"Ndiye analinyamula ndani?"

"Ba Yusufu, telala wawo wa ku Emmasdale, anabwera ndi anzawo a kumzikiti. Ine ndinaitana azibambo a kwaya yathu ya Katolika."

"Asilamu ndi Akatolika pamanda a Myuda? Nanga mapemphero anayenda bwanji?"

"Nkhalamba zija zinayamba m'chinenero chawo. Kenako ba Yusufu anatambasula manja napemphera, ife n'kuimba nyimbo imodzi."

"Abusa athu sangalole zimenezo."

"Inenso ndinkaopa kulakwira mwambo wa eni ake, ndiye ndinaima kumbuyo. Koma nkhalamba ina inandilozera fosholo, akuti oyamba kuthira dothi ndi apabanja."

"Munathira?"

"Ndinathira katatu. Pambuyo panga panabwera ba Yusufu."