Kapu imodzi ya kwaya yonse

Chaka chija cha kolona, pamene misonkhano inaletsedwa, ine ndinali kale mtsogoleli wa kwaya ino ya ku Nyampande, ndipo ndinali wouma mutu kuposa lelo. Khalani pansi ana anga, nyimbo idikile pang'ono.

Ife titathawa nkhondo ku Mozambiki tinafika kuno manja okha, ndipo bulugamu ndiye anali chipatala chathu. Dzino likawawa, kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, amai ankawilitsa masamba ake n'kutipatsa kuti tichukuche. Inu a manje mumagula mankhwala a m'botolo ku Nyimba, koma ife tinali ndi mtengo chabe. Ndiye matenda atabwela ndinauza anzanga kuti kwaya siima, tizichukucha m'kamwa tisanayimbe ndipo tizilombo tonse tizifa.

Ndinkabwela ndi chigubu cha madzi a bulugamu panjinga, aliyense achukuche, alavule, ndiye tiyambe. Koma tamvani uchitsilu wanga: kapu inali imodzi. Kwaya yonse kapu imodzi yapulasitiki, ndipo woyamba kuiika pakamwa ndinali ine, amene ndinali nditayamba kale kutsokomola n'kumabisa.

Amai Mwanza, amene ankatiyambitsila nyimbo, mawu awo omveka mpaka kumadimba, anakayika.

"Bambo, nanga mailo aliyense akabwela na kapu yake?"

Ine n'kuseka. "Amai, bulugamu atsuka m'kamwa, alephele kutsuka kapu?"

Anailandila chifukwa cha ulemu chabe.

Sabata isanathe anawatengela kuchipatala cha ku Minga pangolo, akupuma movutika. Mwana wawo atandifunsa ngati panali wina wodwala m'kwaya, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindidziwa, ndipo manyazi amenewo sanandichoke mpaka lelo. Anachila, Mulungu ngwabwino, koma mpweya sunabwelele, ndipo pa Sondo mumawaona nokha pabenchi yakumbuyo, akungogwedeza milomo pamene ife tikuimba.

Bulugamu sindikumunyoza ayi, ndimachukuchabe ndipo m'kamwa mumayela. Koma aliyense na kapu yake, ana anga, ndipo chifuwa chikakugwila usabwele kudzaimba, pita kuchipatala, usabise monga ndinachitila ine.

Iwe Tisa, amai Mwanza ndi ambuye ako, ndiwe mdzukulu wawo. Ukafika kunyumba uwauze kuti mailo ndibwela kudzawaona. Usawauze chifukwa chake, ndikanena ndekha.