Mphindi Khumi Zomaliza za a Tobias Kaupa Nime

Malemu a Tobias Kaupa Nime anabadwa pa 9 Marichi 1999, Lachiwiri m'mawa, kuno ku Gomane, m'nyumba ya udzu imene inali kumtunda kwa munda wa khofi uwo, chaka chomwe mlatho wa zingwe wa pamtsinje wathu unamangidwanso, ndipo ife ndi anthu akutsidya tinayambiranso kupatsana moni pamsika wa ku Kundiawa patapita zaka khumi ndi ziwiri tisakuyankhulana. Anali mwana wachitatu wa malemu bambo Nime Apa ndi mayi Dini, amene akhala apa pambali pa bokosi. Ine ndine Kua Apa, mkulu wa bambo awo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri iyi.

Ndisanapitirize, ndikupempha inu anyamata amene mwaima kuseri kwa mpanda kuti muyandikire. Zikwanje zimene mwabisa mu udzu ndaziona. Zisiyeni pomwepo kufikira nditamaliza.

Mu 2006 malemu anayamba sukulu pamishoni pano, pamene ine ndinali mphunzitsi. Ndinawakhazika benchi limodzi ndi mwana wakutsidya, a Gideon Wemin, ndipo ndinachita dala. Mpira wawo woyamba unali botolo lapulasitiki lotsendera udzu. Ankalimbirana botolo limeneli kuyambira nthawi yopuma mpaka belu litalira kawiri, n'kubwera m'kalasi mawondo ali magazi okhaokha, atakolekerana mikono m'khosi.

Mu 2014 anasankhidwa kupita kusekondale ku Kundiawa. Masamu ankawakhoza bwino, ndipo ine ndinkalakalaka atadzakhala woyeza misewu. Koma aliyense amene anawaona akuthamanga ndi mpira m'khwapa anadziwa kuti mwana ameneyu ragibi yamutenga. Mu 2018 analowa timu ya chigawo chathu. Mu 2021 anaitanidwa ku Port Moresby, ndipo mukukumbukira momwe tinkadzazira m'sitolo ya pamphambano, nkhalamba ndi makanda omwe, kuyang'ana kanema mmodzi yekhayo, mwini sitolo akutipempha kuti tisadumphe chifukwa mashelefu akugwa.

Pa 11 Juni 2022 anakwatira mayi Veronika Ambane a ku Kerowagi, ndipo amene anaima pambali pawo m'tchalitchi tsiku limenelo anali a Gideon. Chaka chotsatira kunabadwa mwana wawo Dini, ndipo chaka chomwecho timu ina ya ku Queensland, m'dziko la Australia, inawalemba ntchito. Sanatiiwale. Malata a tchalitchi ichi ndi iwo. Nsapato za mpira zimene ena mwa inu mwavala pamaliro pano zinachokera m'chikwama chawo.

Tsopano ndafika pa zimene ambiri a inu simukuzidziwa, ndipo ndikupempha kuti mumve mpaka kumapeto.

Pa 17 Ogasiti 2024, akusewera ku Queensland, malemu anagunda mutu pabondo la mnzawo ndipo anakomoka. Madokotala atajambula m'mutu, anawaletsa kusewera kufikira Marichi wa chaka chino, n'kuwalembera kalata. Kuno malemu anangotiuza kuti avulala phewa.

Anafika kumudzi pa 14 Disembala kudzadya Khirisimasi. Patapita masiku asanu ndi limodzi anandipeza pakhonde masana, natulutsa envulopu m'thumba. Anati, "Bambo aakulu, mundisungire ichi. Amayi asachione, angasiye kudya." Ndinaiwerenga kalatayo kawiri. Mawu ake anali osazungulira: mutu umenewu ukagundidwanso usanapole, munthu akhoza kufa.

Mukudziwa nonse kuti pa 26 Disembala chaka chilichonse timasewera ndi akutsidya, mwambo umene makolo anaukhazikitsa pomanga mtendere, kuti anyamata azigwetsana pabwalo osati m'tchire. Mukudziwanso kuti tinali titagonja zaka zitatu zotsatizana. Sabata yonseyo pakhomo pa mayi Dini sipanathe anthu. Wina ankati, "Iwe Tobi, miyendo imeneyi unaigulitsa kwa azungu eti?" Wina ankati, "Kumeneko umagwera pa udzu wothirira, ndiye kuno ukuopa fumbi la kwanu?" Malemu ankangoseka, nati mutu ukuwawa. Mmodzi wa inu anawayankha kuti, "Mutu wa chiyani? Suthamanga ndi mutu." Sindikutchula mayina, chifukwa onsewa ankayankhula mwachikondi, osadziwa kanthu. Amene ankadziwa anali mmodzi.

Tsikulo litafika, malemu anakhala pambali panga kunja kwa bwalo, atavala patapata. Kutatsala pang'ono kuti masewero athe tinali kumbuyo ndi mapointi anayi, ndipo phiri lonse linayamba kuimba dzina lawo. Amayi ena a m'mudzi anachita kuwaponyera yunifomu pamiyendo. Malemu anatembenukira kwa ine, nandifunsa chapansipansi kuti, "Bambo aakulu, nditani?" Kalata ija inali m'thumba la malaya anga, pamtima pomwe. Ine Kua Apa, amene ndaphunzitsa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, wodziwa kuwerenga kuposa aliyense amene anali pabwalo lija, ndinayang'ana akutsidya akuvina, mtima unandipsa, ndipo ndinati, "Mphindi khumi zokha, mwana wanga. Mphindi khumi sizingaphe munthu."

A Gideon za kalata sankazidziwa. Ataona mnzawo akulowa anafuula kuti, "Walowa mlendo uja. Bwera kuno Tobi, ndikukumbutse kukoma kwa dothi." Pa mpira wachitatu umene malemu analandira, a Gideon anawagwira m'chiuno, mikono yonse iwiri, monga mmene mwana aliyense amaphunzitsidwira. Anagwera pafupi ndi mzere, paja pamadutsa ana a sukulu, pamene dothi ndi lolimba ngati simenti. A Gideon anawadzutsa ndi dzanja. Malemu anasasa fumbi, nati, "Ukadali wolemera ngati nkhumba ya ukwati," ndipo onse awiri anaseka. Ndinali mapazi khumi kuchokera pamalowo. Chigongono chimene ena mukuti anawagunda nacho sindinachione, chifukwa panalibe.

Madzulo amenewo anadya nafe nkhumba ndi mbatata zophika pamiyala. Pa 28 Disembala anayamba kusanza, ndipo mawu awo anayamba kusokonekera. Tinawanyamula pamachira mpaka kumsewu. Galimoto imene inawatengera kuchipatala inali ya akutsidya, ndipo amene anawagwirira mutu pamiyendo ulendo wonsewo anali a Gideon. Malemu anatisiya Lolemba, pa 30 Disembala 2024, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Dokotala anatiuza kuti magazi anakha m'mutu, pamalo pomwe panavulala mu Ogasiti.

Masiku asanu ndi atatu tsopano ndakhala pamaliro pano ndikumva zonong'ona: zoti panali chigongono, zoti m'nsalu yomanga dzanja la a Gideon munali mankhwala. Ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Koma dzulo ndinayang'ana kutsidya, ndipo ndinaona amayi akuthawa, akukwera phiri ndi ana kumbuyo, akukoka nkhumba pazingwe. Chithunzi chimenechi ndinachionapo mu 1987, pa nkhondo yathu ndi akutsidya. Inu anyamata munali musanabadwe. Nthawi imeneyo zinayambanso ndi maliro amodzi. Sukulu inapsa, khofi anadulidwa mpaka patsinde, ndipo mng'ono wanga Waine, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, agona pansi pa mtengo uwo, pafupi ndi pamene mwakumba lero.

Kalata ija ndi iyi. Ndikuipereka kwa a katekisiti kuti aliyense wofuna aiwerenge. Ngati mukufuna munthu woti mumuimbe mlandu, simuyenera kuwoloka mtsinje. Waima pamaso panu, ndipo sathawa.

Malemu asiya mayi awo a Dini, akazi awo a Veronika, mwana wawo Dini amene sanakwanitse zaka ziwiri, achimwene awo a Bomai ndi achemwali awo a Toa. Banja likuthokoza abale a ku Kerowagi amene agona nafe pansi masiku onsewa, amayi a mpingo amene sanasiye moto kuzima, anzawo a mpira amene achokera ku Port Moresby, ndi timu ya ku Queensland imene yatumiza yunifomu ili pabokosipo. Likuthokozanso banja la a Wemin chifukwa cha galimoto.

Mayi Dini ndinawauza zonsezi dzulo masana. Sindikudziwa ngati adzandikhululukire. Apempha chinthu chimodzi chokha: kuti mwana wawo anyamulidwe ndi amene anamugwirira mutu. A Gideon aima pamlatho kuyambira m'mawa, nkhope yopaka matope a maliro ngati ifeyo, m'manja mulibe kanthu.

A Tobias, mwana wa mng'ono wanga, munandifunsa funso limodzi ndipo ndinakuyankhani molakwa. Mulungu akulandireni, mugone mu mtendere, ndipo mtenderewo utsale ndi kuno.

Bokosi silinyamuka kufikira a Gideon atafika. Ine ndi mayi Dini tikutsikira kumlatho kukawatenga, ndipo njira yathu idutsa pamene pali zikwanje paja.