Ndinasala Kudya Ndikumwa Mapiritsi a Shuga

Abusa, moni. Akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, abale nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya!

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mundipirire, chifukwa nkhani yake ikukhudza mwana wanga.

Nonse pakomboni pano mumandiitana kuti mai Lameki. Mai Lameki, mai Lameki, m'mawa ndi madzulo. Koma Lamekiyo ena mwa inu simunamuonepo. Anakwera kombi pa Mvurwi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ati akupita ku Joni kukafuna ntchito, abwera pa Khisimisi. Chaka choyamba ankaimba foni. Chachiwiri ankaimba mwa apo ndi apo. Kenako zii. Abale, ndimamusowa mwana wanga. Ndikunena poyera, ndimamusowa. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzalima fodya m'mapulazi muno, ndipo anamwalira osabwererako. Amayi awo anafa osamuonanso mwana wawo. Ine ndinkaopa kuti zomwezo zandipeza.

Tsono mukudziwa kuti ndimadwala shuga. Anandipeza naye zaka zitatu zapitazo. Ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, kuonda mpaka chitenje kumandizungulira kawiri. Kukiliniki anandipatsa mapiritsi amitundu iwiri. Lalikulu loyera lija amati metifomini, poyamba linandizunza: nseru, kutsegula m'mimba, m'kamwa kumveka ngati ndanyambita supuni yadzimbiri. Nditayamba kumwera pachakudya, zinaleka. Ndiye pali kakang'ono, dzina lake lilime langa limakana, gilibeni chakutichakuti. Kameneka kamatsitsa shuga mwamphamvu. Ndisaname, mapiritsiwa anandithandiza. Ludzu linatha, mphamvu zinabwerera, ndinayambanso ntchito.

Asisita akukiliniki anandiuza zinthu ziwiri: osadumphitsa mankhwala, komanso osamwa m'mimba mulibe kanthu. Choyambacho ndinachigwira. Chachiwiricho ndinachisiya pakhomo la kiliniki pomwepo.

Mwezi wathawu, tili pakati posankha fodya, panabwera bambo wina wochokera ku Joni. Anati anaona mnyamata wofanana ndi Lameki akuthyola malalanje pa pulazi ina, koma sanatsimikize. Abale, mtima wanga unanyamuka. Sanatsimikize, koma kwa ine zinakwana. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, ndisala kudya masiku atatu, madzi okha, kufikira mundibwezere mwana wanga." Abusa sindinawauze. Asisita sindinawauze. Mukundidziwa, ndine waliuma. Amayi akumbuyo uko akugwedeza mitu, ndakuonani. Koma mapiritsi ndinkamwa ndithu, onse awiri, nthawi yake. Ndinkadziona womvera kawiri, womvera Mulungu, womveranso asisita.

Tsiku loyamba mutu unawawa, manja ankanjenjemera pang'ono. Ndinati ndi Satana akundiyesa. Tsiku lachiwiri m'mawa ndinamezanso mapiritsi anga ndi madzi, ulendo kushedi kosankhira fodya.

Amene mumagwira kugiredi mukudziwa mmene timakhalira, aliyense patebulo pake, kusiyanitsa tsamba lowala ndi lakuda, lalitali ndi lalifupi. Ntchito imeneyi ndaigwira kuyambira ndili mtsikana, ndikhoza kuigwira nditatsinzina. Koma tsikulo, dzuwa lisanafike pamutu, ndinaona kuti ndikusakaniza masamba. Manja osagwira. Mtima ukugunda, thukuta lozizira likutsika kumsana, maso akuchita chifunga. Nditayang'ana kukhomo, ndinaona Lameki ataima ndi chikwama chake paphewa. Ndinamuona, abale! Ndinakuwa kuti, "Mwana wanga, wabwera!" Ndinadzuka kuti ndikamukumbatire, miyendo inakana, ndinakhala pansi. Sanali Lameki. Anali aforomani, akapitawo athu.

Zotsalazo ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinkayankhula zosamveka, mwina kuseka, mwina kukalipa. Amayi anzanga anandizungulira. Ena anati chiwanda, nayamba kupemphera mokweza atandisanjika manja. Wina anati ndaledzera. Ine, kuledzera! Ine amene sindinalawepo ngakhale chikokiyana cha pa ukwati! Musaseke, ndamukhululukira.

Apo m'pamene anafika mai Zuze, aja akwawo ku Tete, ali uko avala duku yobiriwira. Anandigwira pamphumi, nathamangira kuchikwama chawo, natulutsa kabotolo ka shuga wa tiyi. Anasungunula m'kapu ya madzi. Amayi ena anawagwira dzanja.

"Mukufuna kumupha? Munthuyu ali ndi shuga, inu mukumupatsanso shuga?"

Sindikuwaimba mlandu amayi amenewa. Ankandikonda. Tonse pano timadziwa kuti wodwala shuga samuyandikitsa shuga, ndipo akanakhala wina wagwa, inenso ndikanawagwira dzanja mai Zuze.

Koma iwo anati, "Ndisiyeni! Malemu amuna anga ankamwa mapiritsi omwewa. Thukuta lozizirali ndikulidziwa. Shuga watsika uyu, sanakwere ayi."

Anagwada, nandiitana kuti aone ngati ndikumva. Akuti ndikanakhala nditakomokeratu sakanandithira kanthu m'kamwa, poti munthu amatsamwa. "Mai Lameki, mukundimva? Mezani."

Apa pokha ndikukumbuka. Ndinatseka pakamwa, ndinapotoza mutu. Ndinati, "Ndikusala. Ndikusalira mwana wanga."

Mai Zuze anandigwira chibwano, nati, "Mukafa lero, mwanayo akabwera adzapeza ndani?"

Abale, ndinamwa. Ndinamwa ndikulira. Pasanapite nthawi chifunga chija chinayamba kuchoka, ndinazindikira nkhope za anthu, ndinaona fodya amene ndinamwaza pansi. Anandipatsa buledi, kenako aforomani anandikweza lole ya papulazi kupita kukiliniki.

Asisita atamva nkhani yonse anagwira m'chiuno. "Mhamha, amayi anga, mwachita chiyani? Kapiritsi kakang'onoka sikadziwa kuti mukupemphera. Kamatsitsa shuga basi, mudye musadye. M'mimba mukakhala mulibe kanthu, kamatsitsa mpaka munthu kukomoka, ena osadzukanso." Anandisunga mpaka madzulo akundiyeza shuga pachala, ati mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso. Anandiuza kuti ndiziyenda ndi maswiti m'thumba, ndikamva kunjenjemera ndi thukuta ndidye msanga. Anati mowa ayi, kugawira mnzako mapiritsi ayi, ndipo chaka ndi chaka ndiziyezetsa impso. Za kusala anati ndikafuna ndiyambe ndabwera kwa iwo tikambirane. Inu amene mumamwa mapiritsi amenewa, ndipo mulipo muno, mwamva. Abusa nawonso anandidzudzula mwachikondi, anati pemphero la munthu amene wadya limafikanso kumwamba.

Ndinabwerera kunyumba wamanyazi. Ndinati ndalephera, kusala kwathera panjira, mwana wanga sindidzamumvanso. Masiku amenewo ndinkadya sadza, nsima yathu ija, misozi ikugwera m'mbale.

Koma nkhani imayenda, abale. Za kugwa kwanga zinayenda m'mafoni, komboni ndi komboni, mpaka zinafika kwa ana athu ali ku Joni. Lachiwiri lapitali mai Zuze anabwera kwathu akuthamanga, foni m'manja. Munali mawu ojambulidwa a Lameki. Anayankhula Chishona, monga ana athu onse obadwira kuno. Anati, "Mhamha, ndini. Ndiri mupenyu. Idyai, ndapota." Amayi, ndine. Ndili moyo. Idyani, chonde. Anatinso ankachita manyazi kuimba chifukwa alibe kanthu kobwera nako. Kanthu! Ndani anamutuma kanthu? Ine ndikufuna iyeyo.

Mawu amenewa ndawamvetsera kambirimbiri, mpaka eni foni akudandaula batire. Mawu ake akula, abale, akumveka ngati a malemu bambo ake.

Musatuluke muno n'kumanena kuti kusala kwa mai Lameki kwagwira ntchito. Ayi. Kusala kumene kuja kukanandiika m'manda. Mulungu anangondichitira chifundo pa kupusa kwanga, natuma mai Zuze ndi shuga wawo wa tiyi.

Sanabwere. Sananene tsiku. Mtima ukundiwawabe, ndipo ndikupempha kuti muzindithandiza kumupempherera. Koma m'mawa uliwonse ndikudya phala langa, ndikumwa mapiritsi anga, chifukwa mwana wanga wandipempha kuti ndidye, ndipo ndikufuna adzandipeze.

Zikomo Yesu. Zikomo mai Zuze. Zikomo abusa ndi mpingo wonse. Tsono imirirani mukondwere nane, abale, mwana wanga ali moyo, inenso ndili moyo. Amayi, nthungululu zimveke! Aleluya! Ameni.