Mayi Tarsem Kaur Kooner, Amene Anakana Kunong'ona

Malemu anabadwa pa 9 Malichi, 1959, m'mudzi wa alimi a tirigu kufupi ndi Hoshiarpur ku Punjab, ndipo makolo awo anawatcha Tarsem Kaur. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anaphunzira pamudzi pomwepo mpaka kalasi yachisanu ndi chitatu, pamene mayi awo anadwala, iwo n'kutsala pakhomo kuti aziphikira abale awo. Singano anaidziwa ali kamtsikana, ndipo mapemphero a m'mawa anawaloweza asanadziwe n'kuwerenga komwe.

M'chaka cha 1980 anakwatiwa ndi Bambo Resham Singh Kooner, oyendetsa galimoto zikuluzikulu zakatundu, ndipo mu Januwale chaka chotsatira anawatsatira kuno ku Winnipeg, natsika ndege atavala nsapato zansalu kunja kuli chisanu choumitsa makutu. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Simrat ndi Harjot. Mu 1984 analowa ntchito pafakitale yosoka majekete, ndipo makina awo anayandikana ndi a Mayi Bernice Meekis, a mtundu wa Anishinaabe, eni nthaka ino. Awiriwa ankasinthana kamba masana, chapati uku, nsomba yowamba uko, kwinaku akunyozana. "Iwe Tarsem, tsabola wakoyu ukufuna undiphe kuti ulande malo anga apawindo," ankatero Mayi Bernice, koma mbale ankaipukuta mpaka kuyera.

Abale ndi anansi, pofika pano banja linapemphedwa kuti lidumphe zaka zingapo. Ena anabwera kusiwa, ndi mtima wabwino ndithu, nati, "Ingonenani kuti anadwaladwala. Wakufa sitimuvula." Banja lakana. Malemu anatilamula okha ali moyo: "Mukadzandinamizira pamaliro anga, ndidzadzuka ndidzakonze ndekha." Choncho mverani.

Mu Febuluwale 1997 Bambo Resham anamwalira pangozi, galimoto yawo itaterereka pamsewu wa ku Kenora. Tulo tinawathawa malemu. M'kabati munali botolo la wisiki limene amuna awo ankasungira alendo, ndipo anayamba n'kudonthezera pang'ono m'kapu ya tiyi. Kenako tiyi anachepa. Anamwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anali chidakwa, ndipo mawuwa ndi awo, si athu. Ntchito inatha, ana anakakhala kwa atsibweni awo, ndipo ku gurdwara, kachisi wathu wa Asikh, amayi ankasendera kutali malemu akakhala pansi. Tisanamizane: pakati pathu mwamuna akaledzera paukwati timamuombera m'manja, koma mkazi akamwa timatseka makatani n'kumati wapita kukacheza ku India.

Amene sanawataye ndi Mayi Bernice. Iwonso mowa unali utawadyera zaka zambiri atatuluka kusukulu zogonera zija zimene ana a eni nthaka ankatengedwera mokakamiza, choncho fungo lake ankalidziwa. Mu Seputembala 2004 anafika pakhomo masanasana, napeza mnzawo ali kwala pansi m'khitchini. Sanawalirire. Anati, "Dzuka, mfiti iwe. Ngati ukufuna kufa, ufe utasamba." Anawasambitsa, nawakweza galimoto kupita nawo kumudzi kwawo kumpoto, kwa azakhali a Mayi Bernice, Mayi Delia, amene ankasunga kachisakasa ka thukuta komwe anthu a mtundu wawo amapempherera.

Kumeneko kunabuka vuto. Mwambo wawo umati wopempha thandizo kwa akulu apereke fodya, pomwe ife Asikh fodya sitimugwira n'komwe. Malemu anabisa zikhatho m'khwapa nati, "Lamulo la mowa ndinaphwanya, koma ili lokha ayi. Ndi lokhalo landitsalira." Mayi Delia anaseka mpaka kutsokomola. "Taonani chidakwa chosankha machimo! Ndiye kuti muli munthu mmenemo. Lowa." Fodyayo anapereka ndi Mayi Bernice m'malo mwawo, ndipo malemu anapereka nsalu.

Mkatimo munali mdima, miyala yofiira ndi moto, nthunzi yotsamwitsa, ndi amayi akuimba ndi ng'oma. Itafika nthawi yawo yopemphera, malemu anapepesa kuti nyimbo za kumeneko sakuzidziwa. Mayi Delia anawadula: "Sitinakuitane kuti udzakhale ife. Zathu anatilanda ndi zikwapu, tinachita kukazifukula. Iwe zako palibe anakulanda, unangozitaya wekha. Imba zakwanu." Malemu anatsegula pakamwa, ndipo pemphero la m'mawa lija linatuluka lonse, osadumpha liwu, ng'oma ikuwavomereza. Ankanena kuti analowa kukafuna Mulungu wa eni ake, n'kupeza Waheguru, Mulungu wa kwathu, atawadikira momwemo.

Munthu asaname kuti anachira tsiku limodzi. Anakagona kuchipatala cha osiya mowa, anaonana ndi madokotala, ndipo mu 2005 anagwanso kamodzi, nadzuka. Kuchokera pamenepo dontho silinadutsenso pakhosi pawo. Ana anabwerera kunyumba. Simrat akuti mwezi woyamba ankanunkhiza kapu iliyonse ya tiyi, ndipo mayi ake ankamupatsira okha kapuyo, osakwiya.

Mayi Delia ndi amene anathamangitsa malemu kukachisakasa kaja, komwe ankapitabe. Anati, "Moto wathu wakufunditsa, koma uli ndi wako. Pita ukaothe." Mu 2006 malemu anamanga mpango kumutu nalowa m'khitchini ya langar ku gurdwara, momwe timaphikira aliyense wobwera monga analamulira Guru, mphunzitsi wa chipembedzo chathu. Atatambasula dzanja kuti akande ufa, mayi wina anakoka beseni nati, "Manja amenewo asakhudze chakudya." Malemu anayankha kuti, "Achemwali, khitchini ino ndi ya Guru, si ya amayi anu." Anapita kokatsuka mapoto. Anatsuka mapoto, anapukuta nsapato za opemphera pakhomo, sabata ndi sabata, mpaka beseni lija linabwera lokha. Ankati manja akakhala m'madzi a sopo safuna botolo.

Mu Meyi 2011 tinali pamaliro a mnyamata wina wa pakati pathu amene anafa ndi mankhwala ozunguza bongo. Pamapemphero omaliza kunalengezedwa kuti anafa ndi mtima, monga tinkalengezera ena onse. Malemu anaimirira, napita kutsogolo osaitanidwa. "Ine Tarsem Kaur, mkazi wa malemu Resham Singh, ndinali chidakwa. Nonse mukudziwa, koma palibe anandifunsapo. Ana athuwa sakufa ndi mtima. Tikapitiriza bodzali titha nawo onse." A komiti ya gurdwara anazimitsa maikolofoni. Anaiwala kuti mayiwa mawu anakulira nawo pakati pa makina a pafakitale, moti anamveka mpaka kukhitchini. Mayi a mnyamatayo anakuwa akulira, "Chidakwa iwe, wandivula pagulu!" Malemu anaweramitsa mutu, napepesa chifukwa cha tsikulo, koma mawuwo sanawabweze. Miyezi yambiri anthu sanawapatse moni.

Chisanu chitayamba, mayi omwe aja anagogoda pakhomo pa malemu atagwira dzanja mwana wawo wotsala, amene anali atayamba njira yomweyo. Mwana ameneyo, tsopano bambo, ali pakati panu lero, ndi mkazi wake ndi ana, ndipo ndi iyeyo watipempha kuti tinene zimenezi.

Umo ndi momwe bwalo la Lamlungu masana linayambira, m'galaja ya malemu. Mphodza ndi chapati zinkachokera ku langar, anthu n'kukhala pansi mozungulira, wogwira nthenga ndiye wolankhula, ena chete. Mayi Bernice ankafukiza masamba awo panja, fodya osalowa m'nyumba, ndipo nawonso ankafunda kumutu pemphero la Chisikh likayamba. Kunkabwera oyendetsa mataksi, ophunzira ochokera ku Punjab, eni nthaka a mitundu ya Acree ndi Aanishinaabe, ndi amayi ena olowera khomo lakuseri. Ena atadandaula kuti malemu akusakaniza zipembedzo, anayankha kuti, "Bernice amapemphera kwawo, ine kwathu. Chimene tasakaniza ndi ndiwo basi." Si onse anapulumuka. Amene anafa, malemu ankapita kumaliro awo, n'kutchula maina awo mokweza. Mu 2016 a komiti anapereka chipinda chapansi pa gurdwara, ndipo malemu anathokoza motere: "Mwachedwa, koma tsegulani."

Mu 2023 madokotala anapeza kuti chiwindi chawo chatha ntchito. Manong'onong'o anayambiranso, akuti mowa wawapeza. Atamva anaseka nati, "Chiwindi chili nane pamlandu, n'zoona, ndinachilakwira. Koma mowa ukandifuna ukapeza ndinasamuka kalekale." Anapitabe kubwalo pa njinga ya olumala mpaka mphamvu zitatha. Anatisiya m'mawa wa pa 14 Novembala, 2024, ali ndi zaka 65, Simrat akuwerenga pemphero, Harjot atawagwira mapazi, Mayi Bernice atawagwira dzanja. Anamwalira maso ali oyera, patatha zaka 19 osalawa mowa. Amene akufuna kunena kuti mowa unawagonjetsa akanenere kwina, pano ayi.

Malemu asiya ana awiri, Simrat Kaur ndi Harjot Singh, zidzukulu zitatu, mlongo wawo Bambo Sucha Singh ku Punjab, ndi mchemwali wawo Mayi Bernice Meekis, amene mukuwaona pamzere wa abale chifukwa ndi pamalo pawo. Asiyanso ana ena ambiri amene sitiwatchula, poti mbiri zawo adzanena okha.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, amayi a langar amene aphika masiku onsewa, oimba nyimbo za Guru, ndi ana a malemu Mayi Delia amene abwera ndi ng'oma, ndipo aiimba panja thupi likamanyamulidwa kupita kokawotchedwa. Chisanu chikasungunuka, phulusa lidzathiridwa mumtsinje wa kumudzi kwa Mayi Bernice, komwe eni nthaka atipatsa gombe.

Ndipo inu amene mwasiya wina mutamutsekera kuchipinda, mkazi, mwana, kaya bambo, n'kubwera kudzalira nafe: musadikire kudzamukonzera mbiri yabwino pamaliro. Mukafika kunyumba mumugogodere, mumufunse, akadali womva.

Mayi Tarsem Kaur Kooner, taiwerenga monga munalamulira, osachotsa kanthu. Waheguru akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.